Bokosi la Nsomba ndi Ndowa ya Apongozi

Mwana wanga wamkazi, asanayambe sukulu, ankakhulupirira kuti nsomba zimabadwa zouma. Tsiku lina tikudya masana anatola usipa m'mbale, kuutembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti, "Ababa, kodi usipa amalima kumunda kwa ndani?"

Mayi ake anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke ayi. Ndine mphunzitsi, ndipo phunziro limene ndimadzitama nalo ndi sayansi. Ana a eni ake ndimawajambulira nsomba pa bolodi, zipsepse ndi mamba omwe, koma wa m'nyumba mwanga akufunsa munda wa usipa. Ndinasiya kudya n'kuyamba kumufotokozera kuti nsomba zimakhala m'madzi, zimasambira, zimaswana momwemo. Anandiyang'ana mmene amayang'anira anamwino akamamuuza kuti jakisoni sapweteka.

"Zikanakhala za m'madzi bwenzi zili zonyowa," anatero, n'kupitiriza kudya.

Mlandu sunali wake. Kuno ku Chulu, kumadzulo kwa boma la Kasungu, dziko ndi lathyathyathya, minda ya fodya ndi chimanga mpaka pomwe maso alekezera. Nsomba imafika pa njinga, m'dengu, itauma kale gwa. Mlamba umafika wakuda ndi utsi, wopindidwa mutu kukumana ndi mchira. Ine ndinakulira ku Ntcheu kumene tinkavuula matemba mumtsinje ndi dengu loba kwa amayi, ndiye funso la mwanayu linandiwawa. Ndipo ndili ndi vuto limodzi: munthu akandikayikira, ngakhale akhale kamwana kosadziwa kumanga nsapato, mutu wanga umaima.

Chaka chimenecho anatitumiza ku maphunziro ku Lilongwe. Pamalo olandirira alendo a hotela imene tinkakumanira panali bokosi lagalasi lodzaza madzi, nsomba zofiira zikuyendayenda m'katimo mosatekeseka. Anzanga ankathamangira tiyi, ine n'kutsalira pamenepo. Nditabwerera ndinafufuza pa foni n'kupeza kanema wa mzungu wina akupanga bokosi lotero ndi pulayiwudi, matabwa opyapyala aja omatikiza pamodzi. Mbali zitatu ndi pansi zinali za thabwa, kutsogolo kokha n'kuikako galasi. Ankagwira ntchito akumwetulira, madzi akutuluka pa mpopi umene ankangoupotokola ndi zala ziwiri. Za mpopiwo sindinaziganizire n'komwe. Ndinaona macheka, misomali ndi penti, n'kunena mumtima kuti izi ndiye zanga.

Madzulo ake ndinamuitana mwana uja. "Ndikupangira nyumba ya nsomba. Uziona ndi maso akowa zikusambira." Anandifunsa kuti liti. Ndinati posachedwa.

Ndinene kaye za kumene ndinkakhala. Nyumba za aphunzitsi pasukulu pathu n'zochepa, choncho nditakwatira ndinamanga kumudzi kwa mkazi wanga, kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Ndinali mkamwini. Apongozi angawo anali mayi wamasiye, wamtali, wosakonda zoyankhulayankhula, ndiponso wosunga mwambo kwambiri. Chikwatirireni, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kupatukira mbali inayo, moni n'kupatsana titayang'ana kwina. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo: "Uwauze aphunzitsi kuti mbuzi zawo zalowa kudimba." Ine n'kuyankhira mwa mkazi wanga yemweyo. Anzanga a ku boma ankandiseka kuti zimenezo ndi zakale, koma ine ndinkazikonda. Zinkandipatsa ulemu, komanso zinkandipulumutsa ku mafunso ambiri.

Pulayiwudi ndinakagula ku boma, yokhuthala kwambiri imene ndinaipeza, n'kubwera nayo pa lole ya feteleza. Galasi ndinaitanitsa kwa bambo wina wachisilamu amene ali ndi sitolo ya malata ndi penti pamsika pathu. Atamva kukhuthala kwa galasi limene ndinkafuna, anandifunsa ngati ndikutsegula banki. Nditamufotokozera anagwira ndevu, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, madzi amalemeratu." Ndinamuyankha kuti zimenezo ndimaphunzitsa chaka ndi chaka.

Sindinkafuna kabokosi kochititsa manyazi. Ndinacheka matabwa kuti bokosi likhale lalitali moti munthu wamkulu n'kugonamo, msinkhu wake kufika m'chiuno mwanga. Ndinkakhomera pabalaza, chitseko chili chotsegula. Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, mlimi wa fodya amene pakamwa pake sipatha nthabwala, anasuzumira tsiku lina n'kuvula chipewa.

"Alamu, tiuzeni ndani watisiya, tiyambe kulira."

"Ndi la nsomba ili."

"Pepani kwambiri. Zinadwala nthawi yaitali?"

Ndinamuthamangitsa ndi hamala. Masiku amenewo ndinali ndikadali wokhoza kuseka.

Nditamaliza kukhoma, ndinapaka m'kati penti yamafuta yobiriwira, kumata galasi ndi silikoni, n'kudikira kuti ziume. Kenako panafika pofuna madzi. Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa linkaswa mtengo, zitsime za kudambo aliyense ankazilondera chifukwa cha nazale za fodya, ndipo mjigo wa pamudzi unkatulutsa madzi mwaulesi, ndowa zitandandalika mpaka kumsewu. Mkazi wanga anali woyembekezera, mimba itakula moti ngakhale kuwerama kunkamuvuta. Ine sindinaone vuto. Ndinamangirira zigubu pa njinga n'kupita ku mjigo.

Nditangofika, macheza onse anazima. Amayi anandipatsa mpata mwaulemu, wina n'kundipopera. Ndikumanga zigubu, ndinamva mawu kumbuyo, osakweza kwenikweni koma okwanira kuti andifike: "Kodi kwa amayi aja akazi anatha?"

Mawuwo anafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza apongozi ataima pafupi ndi nkhokwe, atandifulatira, akuyankhula ndi mwana wawo mokweza kuposa masiku onse.

"Uwauze aphunzitsi kuti ine ndikadali moyo. Pakhomo pano mkamwini sapita ku mjigo ine mutu ndili nawo."

"Amayi, si madzi akumwa. Ndi a m'bokosi la nsomba lija."

"Kaya ndi a nsomba, kaya ndi a achule, nditunga ndine."

Ndinayesa kukana, kudzera mwa mkazi wanga. Ndinati ndilemba aganyu. Pamenepo ndiye ndinathira mchere pachilonda. Anati ndikufuna kuti mudzi wonse unene kuti akalamba, sangathenso kusamala pakhomo pa mwana wawo. Nkhani inathera pomwepo. Mawa lake m'mamawa ndinamva chogwirira cha ndowa chikulira pabwalo.

Kuyambira tsiku limenelo moyo wanga unakhala wothawathawa m'nyumba yanga yomwe. Ndikamva mapazi awo, ndinkatulukira khomo lakumbuyo kuti alowe bwino pabalaza. Ndinkakhala pa njerwa kuseri, n'kumamva madzi akukhuthukira m'bokosi, khuu, kenako mapazi akubwerera. Ndikalowa kukaona, madzi angokwera pang'ono chabe, osafika n'chala chomwe. Mayi aja ankayamba atunga a pakhomo pawo, atunga a pakhomo pathu, kenako n'kuyamba a nsomba zimene kunalibe. Ndikaweruka kusukulu masana, ndinkawaona patali m'kanjira ka ku mjigo, ndowa ili pamutu, akuyenda mowongoka m'dzuwa lija. Ndinkatsika njinga n'kunamizira kukonza tcheni mpaka atadutsa.

Madzi atafika pakati, ndinaona kuti mbali yakumbuyo yayamba kutukumuka ngati mimba ya mbuzi yokhuta. Ndinadziuza kuti thabwa likungozolowera. Loweruka masana, ndikuchonga makope, ndinamva kuti thee. Pakona ya pansi panatseguka, madzi n'kuyamba kuthamanga. Ndinayesa kutseka ndi manja, ndi thaulo, ndi phazi. Anadutsa pansi pa mipando, kunyowetsa makope a ana a eni ake, kutsika pakhonde n'kukayala pabwalo. Abakha a anansi anafika akuthamanga ngati aitanidwa.

Nthawi yomweyo apongozi anatulukira ndi ndowa ina pamutu. Anaima m'mphepete mwa matope aja. Anayang'ana madzi, kuyang'ana abakha, n'kutembenuka kukathira ndowayo mumtsuko wawo. Ndikanakonda akanandilalatira.

Ndinapsa mtima, ndipo popeza panalibe womupsera, ndinatukwana mzungu wa pa foni n'kumenya bokosi theche. Chala chinatupa sabata yonse. Mkazi wanga, akukolopa atagwada movutikira, anati, "Bambo, zisiyeni izi. Mwanayo adzaziona akadzakula." Mwana naye anasuzumira m'bokosi lopanda kanthu n'kufunsa ngati nsomba zathawa ndi madziwo. Ndikanasiya pamenepo bwenzi zili bwino. Koma ndinkaganiza kuti ndikasiya ndiye kuti mayi aja asenzera abakha madzi masiku onse aja. Njira yokha yowabwezera ulemu, mmene ndinkaonera ine, inali yoti bokosi ligwire madzi ndipo mdzukulu wawo aone nsomba. Sindinaone kuti njira imeneyo ikudutsanso pamutu pawo pomwepo.

Ndinagula mapulanga a bulugamu n'kulimanga bokosi lamba kuzungulira, pamwamba, pakati ndi pansi. M'makona ndinathira guluu n'kumanga ndi masikuluwu m'malo mwa misomali. Nditamaliza sindinadziwe kuti madzi ndiwapempha bwanji. Sindinafunikire kupempha. Madzulo ena ndinamva pabwalo: "Uwafunse aphunzitsi ngati ndiyambe lero kapena mawa."

Ulendo wachiwiriwu matabwa anapirira. Madzi anakwera kupitirira pakati, kufika pagalasi, ine mtima uli m'mwamba. Ndiye m'mawa wina ndinapeza kadontho pansi pa galasi. Ndinakapukuta. Kanabweranso. Ndinaikapo kambale n'kukabisa ndi nsalu ya patebulo, ndipo kakadzaza ndinkabwezera madziwo m'bokosi anthu asanaone. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, kuba madzi ake omwe m'nyumba mwake. Mkazi wanga anandipeza nditanyamula kambaleko. Anangokoka m'mphepete mwa silikoni ndi chikhadabo, ndipo yense anasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Silikoniyo sanagwirane ndi penti yamafuta ija.

Kuti ndikonze, bokosi linayenera kuuma. Ndinasonkhanitsa miphika, mabeseni ndi zidebe zonse za pakhomo kuti ndisunge madziwo, koma ankanunkha penti, ndipo ziwiyazo eni ake ankazifuna. Ambiri anathera kwa mlamu wanga amene ankaumba njerwa. Anabwera kudzathokoza mwaulemu wonse, nati ndikadzapanganso bokosi lina ndimuuze, akufuna kumanga khitchini.

Ndinabwerera kusitolo kuja. Mwini sitolo ananditulutsira chitini cha penti yakuda, yonata ngati phula, imene amapaka m'matanki a madzi akumwa. Imeneyo inali yabwino ndithu. Koma mzungu wa pa foni, ndisanaiwale, ankayala kansalu kena koyera m'makona monse asanapake mankhwala ake, kuti polumikizira matabwa pakhale polimba. Ulendo woyamba ndinali nditadumpha zimenezo. Tsopano ndinakafunafuna mpaka ku boma, sitolo ndi sitolo, ndikuonetsa chithunzi pa foni. Palibe amene ankakadziwa.

Ndikudandaula pakhonde, mlamu wanga anati, "Nsalu yolimba? Alamu, ziguduli zangodzaza m'chigafa mwanga. Belo la fodya limayenda mpaka ku okushoni, kumsika wa fodya, osang'ambika, ndiye kabokosi kanuka?"

Ndinaona kuti ndi nzeru. Kuno chiguduli ndi nsalu ya chilichonse. Timakutira fodya, timatchingira bafa, timayalira nkhuku yoikira. Tinakatenga zakale zimene zinabwerako ku msika wa fodya, ndinazikutumula fumbi pang'ono, n'kuzidula mizeremizere. Ndinkayala mzere pakona, kuunyowetsa ndi penti yakuda, kuyalanso wina pamwamba, kupakanso. Pagalasi ndinasiya kudalira silikoni. Ndinadula chubu chakale cha njinga, kuyala mphirayo kuzungulira zenera, kukhazikapo galasi, n'kulipanikiza ndi timatabwa. Ntchito imeneyi ndinaigwira mosamala kuposa chilichonse chimene ndinagwirapo. Penti inandithera ndili pa ulendo womaliza wopaka, moti m'makona ena ulusi wa chiguduli unatsala uli tuu, ngati ndevu zongomera kumene. Ndinati zilibe kanthu, bola madzi asatuluke.

Apongozi anayambanso, kachitatu. Pofika nthawi imeneyi mudzi wonse unkadziwa. Ku mjigo ankawafunsa kuti nsomba za aphunzitsi zadzuka bwanji. Mkazi wanga ndi amene ankandiuza zimenezi, ndipo sankandiuza kuti ndiseke. Kusukulu ndinkangokhala wolusa. Mwana wina anandifunsa mwaulemu ngati ndi zoona kuti kunyumba kwanga kuli nyanja, ndinamutuma kukasesa bwalo lonse.

Madzi anakwera mpaka kukamwa kwa bokosi. Ndinkagona chafufumimba n'kupisa dzanja pansi pake. Pouma. Mawa lake, pouma. Mkuja, pouma. Ndinayenda pabalaza manja ali m'thumba.

Ndiye ndinatsegulanso kanema uja kuti ndione chotsatira. Mzungu uja, akumwetulira monga mwa nthawi zonse, anati musanaike nsomba, madzi oyambawo akhale masiku angapo, kenako muwataye onse, mudzaze ena, mutayenso, kuti zoipa zonse za m'bokosi zitsukike. Anatsegula kampopi ka pansi, madzi n'kumapita. Ndinabwereza pamenepo kangapo ngati kuti mwina anena zina.

Ndikuonera choncho ndinakweza maso pazenera. Apongozi anali atakhala pamphasa pakhonde pawo, duku atavula, mkazi wanga atakhala kumbuyo kwawo akuwathowa khosi ndi kansalu koviika m'madzi otentha. Akawagwira penapake, mayi aja ankatsinzina n'kuluma mlomo. Ndinathimitsa foni. Ndikanayamba bwanji? Uwauze amayi kuti madzi aja ndataya dala, atungenso, ndipo akatunga nditayanso? Pakamwa panga sipakanatuluka mawu amenewo. Madzi a m'bokosi anali atayamba kufiirira pang'ono, ngati tiyi wosalowerera. Ndinadziuza kuti ndi mtundu wa thabwa.

Mnzanga wina wophunzitsa ku Lisasadzi anali m'kalabu yoweta nsomba padamu. Loweruka ndinalawirira pa njinga yamoto ya kabaza, nditakumbatira chigubu chodula pamwamba. Anandikokera tiana ta makumba tonyezimira, tofanana ndi chala, ndipo pothira m'chigubu anaseka kuti kamlamba kena kalowa nawo mozemba, ndingokatenga ngati basela. Njira yonse yobwerera ndinkamuchonderera wa kabaza kuti apewe mabampu.

Ndinafika dzuwa lisanafike pamutu. Mwana anali atapita kuchigayo ndi agogo ake, ndipo ndinakondwa, chifukwa ndinkafuna adzazipeze zikusambira kale. Ndinapendeketsa chigubu pang'onopang'ono. Tinsomba tija tinabalalika, kenako n'kusonkhana, kuyamba kuyenda pamodzi kuchoka kona ina kupita ina, kuwala kwa pazenera kukung'anima m'mamba mwake. Zinali monga ku Lilongwe kuja. Mkazi wanga anaima atagwira msana, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma ndiye n'zokongola." Mtima wanga unadzaza. Ndinaiwala chala chotupa, makope onyowa ndi abakha.

Mbiri inathamanga. Ana anadzaza pakhomo, ndipo pambuyo pawo panabwera amayi, ena mwa iwo omwe aja a ku mjigo. Mlamu wanga anakhala pampando wanga ngati mwini nyumba, akulondolera anthu poima. Ine ndinkafotokoza za zipsepse ngati ndili m'kalasi.

Mtsikana wina ndi amene anayamba kuona. "Aphunzitsi, iyo bwanji ikuyenda chammbali?"

Ndinati ikusewera. Koma ina inayamba kuthamanga mozungulira, kugunda galasi. Zina zinakwera pamwamba, pakamwa pali yasa, zikutsegula ndi kutseka. Ya chammbali ija inagadabuka, mimba yoyera kuyang'ana kudenga. Kenako ina. Ndinavundula madzi ndi dzanja, kuwakupiza ndi mbale kuti mulowe mpweya, osathandiza. Phokoso la ana linatha. Ndinawerama kuti nditole imodzi, nkhope yanga n'kuyandikira madzi, ndipo fungo linandimenya. Linali fungo limene munthu wa kuno angalidziwe ngakhale ali m'tulo, fungo la m'chigafa, la zovala za mlamu wanga, la lole iliyonse ya mwezi wa Epulo. Fodya. Ziguduli zija zinali zitamwa fodya zaka ndi zaka, ndipo masiku onsewa zinkamulavulira m'madzi kudzera mu ulusi umene ndinausiya poyera. Ine amene ndimaphunzitsa ana kuti madzi oviikamo fodya amapha tizilombo ta m'masamba, ndinali nditaphikira nsomba zanga mankhwala omwewo.

Kumbuyo kwanga mayi wina anapumira m'mwamba. "Madzi onse aja," anatero. Mlamu wanga anadzuka pampando mwakachetechete n'kutuluka, osasiya nthabwala ngakhale imodzi.

Ndipo nthawi yomweyo ndinamva timapazi tikuthamanga pabwalo. Mwana wanga analowa akudzipanikiza pakati pa miyendo ya anthu, ufa uli mbuu m'tsitsi ndi m'nsidze. "Zili kuti? Ababa, zili kuti?" Anakanikiza mphuno pagalasi. Anayang'ana pansi, kuyang'ana pakati, kenako n'kukweza maso pamwamba pomwe zinkayandama.

"Zagona?"



Anaziyang'ananso, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa. "Ndiye muzianika liti kuti zikhale nsomba?"

Sindikudziwa ngati pali munthu anaseka. M'makutu mwanga munkangolira. Chimene ndikukumbukira n'chakuti anthu a pakhomo anapatuka, apongozi n'kulowa. Anali asanalowepo m'chipinda chimene ine ndilimo. Khomo lakumbuyo linali lodzaza ana, ndinalibe kothawira, choncho ndinangotembenukira kukhoma ngati mwana wolangidwa. Ndinkawaonera m'mbali mwa diso. Anayang'ana nsomba zakufa zija. Kenako anawerama, kuyang'anitsitsa pakona ya pansi. Kamlamba kaja kanali pamenepo, kakugwedeza ndevu mofooka. Kanakwera pamwamba, kumeza mpweya, n'kumiranso.

Anatuma mtsikana wina kukatenga sefa ya ufa ndi ndowa yawo, ija yomwe. Anathiramo madzi akumwa a mumtsuko mwathu. Anapisa mkono m'bokosi mpaka paphewa, kukavuula kamlambako ndi sefa, n'kukaika m'ndowa. Kanagona pansi phee. Mwana ananjuta pambali pa ndowa, manja ali m'mawondo. Patapita kanthawi mchira unagwedezeka. Kenako kanayamba kuzungulira m'mphepete mwa ndowa, pang'onopang'ono, kenako mofulumira.

"Ikuyenda! Agogo, ikuyenda yokha!" Anakuwa mpaka nkhuku kubalalika pabwalo. "Ili ndi ndevu! Nanga bwanji siyopindika? Agogo, ndani waiwongola?"

Tsiku lonse sanachoke pa ndowapo. Chakudya anadyera pomwepo, akuponyeramo tinyenyeswa. Chimene ndinkachifuna miyezi yonse ija chinachitika, koma chinachitikira m'ndowa, chiwiya chimene chinali pakhomo pano ndisanagule thabwa ngakhale limodzi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Anthu atabalalika ndinakwirira makumba aja kuseri kwa bafa, kuopa kuti wina angawakazinge. Madzi ndinawatunga ndekha ndi beseni n'kukawataya kudzala. Ndinatenga mpeni n'kukanganula ziguduli zonse m'makona, penti n'kumachoka nazo, mpaka polumikizira matabwa panatsala poyera, kuwala kukulowa m'ming'alu. Ndinauza mkazi wanga kuti basi, bokosili tizisungiramo mtedza, ndipo akawauze amayi kuti asavutikenso. Iye anali atagona kuchipinda, msana ukumupweteka. Anati awauza kukacha.

Kutacha sanathe kudzuka msanga. Ine ndinali pabalaza ndikusesa zinyenyeswa za penti pamene chitseko chinada ndi mthunzi. Apongozi anali ataima pakhomo, ndowa yaikulu yobwereka ili pamutu, yodzaza mpaka m'milomo. Mdzukulu wawo anali kumbuyo, atagwira nsonga ya chitenje chawo.

Panalibe wondiyankhulira. Ndinasiya tsache, kunjuta pambali pa chitseko, maso ali pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni ndinawayankhula ndekha.

"Amayi, pepani. Bokosi lija ndalikanganula, silingasunge madzi. Ndasiya. Musavutikenso, chonde."

Sanandiyang'ane. Anayankhula ndi mwana.

"Uwauze ababa ako kuti nsomba yako ikupanikizika m'ndowa muja, ndiponso ndowa yanga ndikuifuna. Amate msanga bokosilo, amate bwino. Khosi ili silikhala mpaka kalekale." Anapuma pang'ono. "Ndiye wina anditule."

Ndinayang'ana kuchipinda. Mkazi wanga sakanatha. Ndinayang'ana pabwalo, panalibe munthu. Mwana anangondiyang'ana, akudikira.

Ndinaimirira n'kugwira ndowa ija ndi manja awiri. Nkhope zathu zinayandikana, ndipo ngakhale ndinayesetsa, maso anga anaona. Thukuta linkatsika m'makwinya a m'masaya mwawo. Mitsempha ya m'khosi inali itaima ngati zingwe, ikunjenjemera. Duku linali litasendekera kumbuyo, ndipo pamene pamakhala nkhata tsitsi linali litaperepeseka, khungu likuoneka. Anawerama pang'ono n'kuchotsa mutu, kulemera konse n'kugwera m'mikono mwanga. Ndinadzandira, ndowa inapendekeka, madzi n'kukhavukira pa shati yanga ndi pansi.

Apongozi anatola nkhata yawo imene inagwa, kuikutumula, n'kutembenukira njira ya ku mjigo. Ine ndinatsala nditakumbatira ndowa, osadziwa poiika.

"Ababa," anatero mwana, "mukutaya madzi a agogo."